MBIRI YA MAYI MUTHULAKSHMI REDDY, DOTOLO AMENE ADALOWA M'NYUMBA YA MALAMULO KU INDIA

M'zaka zoyambirira za m'ma 1900, m'tauni ya Pudukkottai kummwera kwa dziko la India mudabuka mkangano chifukwa cha mtsikana mmodzi amene adapempha malo pa koleji ya anyamata. Mtsikanayo anali atakhoza bwino mayeso otsiriza a sekondale m'chaka cha 1902, koma makolo ena adaopseza kuti akangomulandira, iwo achotsa ana awo pa sukulupo. Za nzeru zake panalibe wokayika. Chimene anthu adakwiya nacho n'chakuti anali wamkazi, ndiponso ankadziwa kumene mayi ake adachokera. Nkhaniyi idafika kwa mfumu ya dzikolo, Martanda Bhairava Tondaiman, ndipo mfumuyo idalamula kuti mwanayo alowe, nimupatsanso ndalama zolipirira maphunziro. M'kalasi adamutchingira nsalu kuti anyamata asamuone, ndipo belu lowerukira linkalira iye atatuluka kale pa bwalo la sukulu. Dzina lake anali Muthulakshmi. Patapita zaka zoposa 20, mtsikana wa kuseri kwa nsaluyu adakhala mkazi woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo m'dziko lonse la India lolamulidwa ndi Angerezi.

Masiku amenewo dziko la amwenye linali lisanalandire ufulu. Apwitikizi adagwira Goa ndi timadera tina ta m'mbali mwa nyanja, koma mbali yaikulu inali m'manja mwa Angerezi, ndipo m'kati mwake munali mafumu amene ankalamulira anthu awo pansi pa phiko la Angereziwo. Pudukkottai linali dziko la mfumu yotere, pakati pa anthu olankhula Chitamil. Kumeneko ndi kumene Muthulakshmi adabadwira pa 30 Julayi 1886. Bambo ake, a Narayanaswami Iyer, anali munthu wophunzira kwambiri, ndipo pa nthawi ina adakhalapo mkulu wa koleji ya mfumu yomweyo. Iwo anali a mtundu wa Brahmin, umene pakati pa Ahindu umawerengedwa wapamwamba ndipo ndi kumene kumachokera ansembe. Mayi ake, a Chandrammal, anali a ku banja la adevadasi. Abale a bambowo ataona kumene mwana wawo wakatenga mkazi, adawasala.

Mawu akuti devadasi amatanthauza mdzakazi wa mulungu, ndipo munthu sangamvetse moyo wa Muthulakshmi asanamvetse mwambo umenewu. M'makachisi akuluakulu a kummwera kwa India, mabanja ena ankapereka mwana wawo wamkazi kwa mulungu wa pa kachisipo asanathe msinkhu. Pankachitika mwambo wonga wa ukwati, namumanga kamkanda m'khosi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankatengedwa kuti ndi mkazi wa mulunguyo. Ntchito yake inali kuyimba, kuvina ndi kunyamula nyale pa nthawi ya mapemphero ndi zikondwerero. Akaziwa sanali anthu wamba. Ankaphunzira kuwerenga pamene atsikana ena sankaloledwa, ankasunga chuma m'dzina lawo, ndipo popeza mulungu samwalira, iwo sankakhala anamfedwa, kotero ankaitanidwa ku maukwati a anthu ngati odzetsa mwayi.

Koma mwambowu unali ndi mbali yake yowawa. Mdevadasi sankaloledwa kukwatiwa ndi munthu. Akakula, mwamuna wolemera, kawirikawiri wapabanja kale, ankamutenga ngati mkazi wam'mbali, ndipo ana obadwa kumeneko analibe gawo pa chuma cha bambo awo. Kachisi ankapatsa banja munda woti lizidyerapo, koma mundawo unali womangika ku ntchito ya kuvina. Mayi akakalamba ankayenera kupereka mwana wake wamkazi kuti alowe m'malo, ndipo ngati sadabereke wamkazi ankatenga wa wina n'kumulera, nthawi zina pochita kugula kwa makolo osauka. Mafumu amene ankasamala makachisi atayamba kutha mphamvu, ambiri mwa akaziwa adagwa mu umphawi, ena nakathera m'uhule. N'chifukwa chake makolo a ku Pudukkottai ankati mwana wa a Chandrammal adzawasokonezera ana awo.

Ali wamng'ono, Muthulakshmi ankapita ku sukulu monga anzake, koma atatha msinkhu adamuimitsa, ndipo maphunziro otsala adawapitiriza pakhomo mothandizidwa ndi bambo ake. Mayi ake ankafuna kuti akwatiwe msanga. Palibe angawadzudzule mayiwo pamenepa: kwa mkazi wochokera ku mtundu umene mwambo udaukaniza ukwati, kuona mwana wake akulowa m'banja lodziwika chinali chinthu chachikulu koposa satifiketi ili yonse. Mtsikanayo adakana, bambo ake namuikira kumbuyo. Atamaliza pa koleji ya mfumu ija, mu 1907 adapita ku mzinda wa Madras, umene kuyambira 1996 umatchedwa Chennai, nakalowa sukulu ya udotolo ya Madras Medical College. Adamaliza mu 1912 atapambana anyamata ambiri ndi kulandira mamendulo a golide, ndipo adayamba ntchito pa chipatala cha boma cha amayi ndi ana ku Egmore, m'kati mwa mzindawo. Akazi ena ochepa a ku India anali atakhalapo kale madotolo, monga Anandibai Joshi ndi Kadambini Ganguly, koma pa ntchito imene adapatsidwa pa chipatalapo iwo ndiwo anali mkazi woyamba.

Zimene adaona m'chipatalamo ndizo zidawatsogolera moyo wawo wonse. Lamulo la mu 1891 linkaloleza mwamuna kugona ndi mkazi wake akangokwanitsa zaka 12, ndipo ukwati weniweniwo unkatheka kumangidwa mwana akadali wocheperapo. Motero ku chipatala kunkabwera ana oyembekezera ana anzawo. Mzamba aliyense amadziwa chimene chimachitika pamenepa. Mafupa a m'chiuno a mtsikana wa zaka 12 kapena 13 amakhala asanakule mokwanira, njira imachepa, mutu wa mwana umakakamira, ndipo matenda amatha masiku awiri kapena atatu. Mwana amafera m'mimba, ndipo mayi akapulumuka ku kutaya magazi ndi ku mafinya, nthawi zambiri amatsala ndi chikhodzodzo chobooka, mkodzo kumangotuluka wokha, mwamuna n'kumuthamangitsa chifukwa cha fungo. Kunkabweranso akazi aang'ono odwala chindoko ndi chinzonono chotengera kwa amuna achikulire, pa nthawi imene jakisoni wa penisilini kunalibe, pakuti ameneyu adafika m'zipatala m'zaka za m'ma 1940. Ena anali anamfedwa asanadziwe n'komwe kuti banja n'chiyani, ndipo pakati pa mitundu yapamwamba namfedwa sankaloledwa kukwatiwanso. Dotolo ankatha kusoka bala ndi kuletsa magazi, koma wodwala akatuluka, mawa lake pa bedi lomwelo pankagona wina wa msinkhu womwewo. Gwero la matendawa linali kunja kwa mpanda wa chipatala.

Iwo eni adakwatiwa mu 1914 ali ndi zaka 28, msinkhu umene kumeneko anthu ankati mkazi wapitirira kale. Mwamuna wake anali dotolo mnzawo, a Sundara Reddy, ndipo asanavomere adawapangitsa kulonjeza kuti adzawalemekeza ngati munthu wofanana nawo ndi kuti sadzawatsekereza pa ntchito yawo. Kuyambira apo adadziwika kuti Dr. Muthulakshmi Reddy. Adabereka ana aamuna awiri.

Mu 1917 ku Adyar, dera la kummwera kwa Madras, kudabadwa bungwe la amayi lotchedwa Women's Indian Association, limene pakati pa oliyambitsa panali Annie Besant ndi Margaret Cousins. Mayi Reddy adalowa m'bungweli likadali lanthete. Chifukwa cha kulimbikira kwa amayiwa, mu 1921 chigawo cha Madras chidalola akazi kuvota, ngakhale kuti ovota, amuna ndi akazi omwe, anali okhawo a chuma ndi okhoma misonkho. Koma m'zaka zomwezo pakhomo pawo padagwa zovuta. Mng'ono wawo adadwala khansa, madotolo nachedwa kuizindikira, ndipo adamwalira mu 1923 atavutika ndi ululu woopsa m'manja mwa mkulu wake, amene ngakhale anali dotolo wa mamendulo adasowa chomuchitira. Mu 1925 Mayi Reddy adapita ku London kukaonjezera maphunziro a matenda a amayi ndi ana, ndipo ali kumeneko adaona chipatala cha khansa yokhayokha, chimene lero chimatchedwa Royal Marsden. Adaona ndi maso awo anthu ochitidwa opaleshoni ya khansa akuchira ndi kubwerera kwawo. Chinthu chimenechi adachisunga mumtima zaka pafupifupi 30.

Chaka cha 1926 adakakhala nawo pa msonkhano waukulu wa amayi a m'maiko ambiri ku Paris, ndipo chaka chomwecho lamulo lidasintha kuti akazi azithanso kukhala aphungu. Mayi wina wolimba mtima, Kamaladevi Chattopadhyay, adaima pa chisankho m'chigawo cha Madras koma adagonja ndi mavoti ochepa. Tsono m'nyumba ya malamulo ya chigawocho munali mipando ina imene bwanamkubwa wa Chingerezi ankasankhapo yekha anthu, ndipo bungwe la amayi lija lidapereka dzina la Mayi Reddy. Iwo adayamba azengereza, poopa kusiya odwala awo ndiponso poti ndale sankazidziwa, koma adavomera, ndipo adakana kulowa chipani chili chonse. Kumayambiriro kwa 1927 aphungu anzawo, amuna okhaokha oposa 100, adawasankha popanda wotsutsa kuti akhale wachiwiri kwa mkulu woyendetsa zokambirana. Nyumbayi mphamvu zake zinali zoperewera, pakuti za apolisi, makhoti ndi thumba la ndalama zinali m'manja mwa bwanamkubwa, koma za sukulu, zipatala ndi makachisi zinali zitaperekedwa kwa nduna za Chimwenye. Chigawocho chinali ndi anthu oposa 40 miliyoni.

Pa mpandowo adakhalapo zaka zitatu ndi miyezi ingapo chabe, koma sadagone. Adalimbikira kuti mumzinda mukhale chipatala cha ana, kuti ana a sukulu aziyezedwa ndi madotolo, kuti atsikana a mitundu yonyozeka azilandira chithandizo cha fizi, ndi kuti atsikana a Chisilamu akhale ndi nyumba yawo yogona pafupi ndi sukulu. Adathandiza kukhazikitsa lamulo lotseka nyumba zogulitsiramo akazi ndi ana. Adakhalanso m'komiti ya Hartog, imene mu 1928 ndi 1929 idayendera dziko lonse kufufuza za maphunziro. Polankhula m'nyumbamo sankadalira mawu okometsera. Ankafotokoza zimene adaziona pa bedi la odwala, ndipo amuna amene adazolowera kutsutsana pa mabuku a chipembedzo ankasowa poyambira kutsutsa munthu amene adagwira ndi manja ake ana ofera pa uchembere.

Pa nkhani ya maukwati a ana adapempha kuti mtsikana asakwatiwe asanafike zaka 16 ndipo mnyamata asakwatire asanafike zaka 21. Nthawi yake inali yoipa. Mu 1927 mayi wina wa ku America, Katherine Mayo, adatulutsa buku lotchedwa Mother India, m'mene adasonkhanitsa zonyansa zonse za maukwati a ana pofuna kuonetsa kuti amwenye sangathe kudzilamulira okha. Bukuli lidakwiyitsa dziko lonse, kotero kuti aliyense wodzudzula mwambo ankaoneka ngati akuthira nkhuni pa moto wa atsamunda. Mayi Reddy ndi anzawo adayenera kumenya nkhondo mbali ziwiri. Adatsutsa poyera chipongwe cha bukulo, koma adakana kubisa chilonda, ndipo adakumbutsa anthu kuti boma la Angerezi lomwelo ndilo linkazengereza kusintha malamulo poopa kukhumudwitsa akuluakulu a miyambo. Lamulo la dziko lonse lidadutsa mu 1929 ku nyumba ya malamulo yaikulu, ndipo limadziwika ndi dzina la phungu amene adalibweretsa, Harbilas Sarda. Lidaika zaka 14 kwa mtsikana ndi 18 kwa mnyamata, kutsika pa zimene mayiwa ankafuna. Choipa china n'chakuti lidayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo 1930, ndipo m'miyezi ya pakatipo makolo adathamangira kukwatitsa ana miyandamiyanda, ena akadali kumsana, kuti lamulo liwapeze atamaliza. Zaka 18 kwa mtsikana zidadzalowa m'malamulo a India mu 1978, mayiwa atagona kale m'manda zaka 10.

Nkhondo imene idawakhudza kwambiri inali ya adevadasi, chifukwa iyi inali ya kuchimake. Iwo adakula akuona abale a mayi awo, ndipo ankadziwa bwino kuti chimene chidawapatula iwo ku moyo umenewo ndi bambo mmodzi wouma mutu ndi mfumu imodzi yomva. Mu Novembala 1927 adabweretsa nkhaniyi m'nyumba ya malamulo, ndipo aphungu adavomereza kuti boma lichitepo kanthu. Nzeru yawo inali yoyamba ndi munda, pakuti adaona kuti mayi sapereka mwana wake ku kachisi chifukwa cha chipembedzo chokha, komanso chifukwa choopa kulandidwa podyera. Choncho mu 1929 adadutsitsa lamulo lakuti minda ya kachisi imene adevadasi ankadyerapo ikhale yawoyawo, popanda kukakamizidwa kuvina kapena kupereka mwana wolowa m'malo. Apa adaponya mwala pamalo pake. Komabe lamuloli lidathandiza okhawo amene anali ndi minda yotere, ndipo ambiri analibe. Motero mu 1930 adabweretsa ganizo la lamulo lina loletseratu kupereka mwana wamkazi ku kachisi.

Otsutsa anali a mitundu iwiri. Oyamba anali amuna osunga mwambo, ndipo wodziwika pakati pawo anali S. Satyamurti, katswiri pa kulankhula ndiponso womenyera ufulu wa dziko, amene naye adachokera ku dziko la Pudukkottai ndi kuphunzira pa koleji ya mfumu yomwe ija. Iye ankati mwambowu ndi wa chipembedzo, boma lisaugwire, ndipo ukatha nyimbo ndi magule a makolo zidzafera limodzi. Anthu otere kuwayankha kunali kosavuta, pakuti ana operekedwa ku kachisi sanali a m'nyumba zawo. Ovuta kuwayankha anali achiwiriwo, adevadasi eni ake. Ena mwa iwo, pamodzi ndi woyimba wotchuka Bangalore Nagarathnamma, adapanga bungwe nalembera boma madandaulo. Adakana kutchedwa mahule, nanena kuti iwo ndi akatswiri a luso ndi atumiki a kachisi, kuti wochimwa alangidwe payekha, ndi kuti chimene akusowa ndi sukulu, osati kulandidwa ntchito. Mayi Reddy sadawamvere. Adati amene akulankhulawo ndi ochepa amene zinthu zidawayendera, ndipo kuti mwana wa zaka 8 kapena 9 womangidwa mkanda m'khosi palibe amene adamufunsa maganizo ake. Kumbali yawo kunalinso mdevadasi wina, Moovalur Ramamirtham, amene adauthawa moyowo nayenda m'midzi kuutsutsa, komanso E. V. Ramasamy, wodziwika ndi dzina loti Periyar.

Ganizo la lamulolo lisanafike pamapeto, dziko lidatekeseka ndi nkhani ya mchere. Angerezi ankaletsa anthu kudzipangira mchere ndipo ankaukhometsa msonkho, chinthu chopweteka wosauka koposa wolemera. Kuyambira pa 12 Malichi mpaka pa 6 Epulo 1930 Mahatma Gandhi adayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 390 kukafika ku nyanja pa Dandi, kumene adatola mchere poswa lamulolo, ndipo mu Meyi adamangidwa. Mayi Reddy, amene mpando wawo udachokera m'manja mwa bwanamkubwa wa boma lomwelo, adatula pansi udindo posonyeza kukwiya. Chinali chinthu cha ulemu, koma chinali ndi mtengo wake. Ganizo la lamulo lija lidatsala lopanda mwini wolikankha, ndipo lidagona m'mafayilo a boma zaka 17. Chaka chomwecho adalemba buku lofotokoza zimene adaona m'nyumba ya malamulo, lotchedwa My Experience as a Legislator.

Atangotuluka m'nyumbamo, zotsatira za mawu awo zidawapeza pakhomo. Atsikana atatu a ku Namakkal, a m'mabanja a adevadasi, adakana kuperekedwa ku kachisi, ndipo posowa kolowera adafika kwa mayi amene adamva kuti amawalankhulira. Mayi Reddy adayesa kuwapezera malo m'nyumba zogona ana a sukulu mumzindamo, koma nyumbazo zinali zogawidwa potsata mitundu, ndipo atsikanawo sadalandiridwe bwino. Apa padaoneka poyera kuti kuuza mwana kuti athawe n'kosavuta, koma wothawayo amafuna pogona ndi chakudya usiku womwewo. Adawatenga kukhala nawo m'nyumba mwawo. Ichi ndicho chidakhala chiyambi cha Avvai Home, nyumba yotchedwa dzina la mlakatuli wamkazi wakale wa Chitamil, imene pambuyo pake idasamukira ku Adyar. Inkalandira mtsikana aliyense wosowa, wamasiye, namfedwa kapena wothamangitsidwa ku banja, osafunsa mtundu wake, ndipo ambiri adatulukamo ali aphunzitsi, anamwino ndi azamba.

M'zaka zotsatira adatsogolera msonkhano wa amayi a dziko lonse ku Lahore mu 1931, adakhala mkonzi wa magazini ya bungwe lawo yotchedwa Stri Dharma, ndipo mu 1933 adapitanso ku London pamodzi ndi Rajkumari Amrit Kaur ndi Shareefa Hamid Ali kukauza komiti ya aphungu a ku Britain kuti akazi a ku India akufuna voti yofanana ndi ya amuna. Mu 1937 adalowa m'khonsolo ya mzinda wa Madras.

Lamulo loletsa kupereka atsikana ku kachisi lidadutsa ku Madras chakumapeto kwa 1947, miyezi yochepa dziko litalandira ufulu pa 15 Ogasiti. Lidathetsa mwambo wa mkanda uja, lidalola adevadasi kukwatiwa mwalamulo, ndipo lidaletsa kuvina kwawo m'makachisi. Ana osawerengeka adapulumuka nalo. Koma madandaulo a akazi aja amene Mayi Reddy sadawamvere sanali opanda pake. Ambiri achikulire adataya ntchito ndi ulemu womwe, osapatsidwa china chogwira, ndipo dzina loti devadasi lidasanduka chitonzo chimene zidzukulu zawo zinkabisa. Gule wawo sadafe monga ankaopera Satyamurti. Adatengedwa ndi ana a mabanja apamwamba, makamaka kudzera pa sukulu ya Kalakshetra imene Rukmini Devi Arundale adayambitsa mu 1936, ndipo lero amavinidwa pa dziko lonse ndi dzina loti Bharatanatyam, pamene mabanja amene adamusunga zaka mazanamazana ambiri adaiwalika. Olemba mbiri a masiku ano amawadzudzula mayiwa chifukwa cholankhula za adevadasi onse ngati anthu otayika, ndipo chidzudzulocho chili ndi pake. Mwambowo nawonso sudathe tsiku limodzi: m'zigawo zoyandikana udapitirira pakati pa mabanja osaukitsitsa, mpaka Karnataka idachita kuika lamulo lake mu 1982 ndipo Andhra Pradesh mu 1988.

Lonjezo la pa maliro a mng'ono wawo linali lisanakwaniritsidwe. Pamene adayamba kupempha malo ndi ndalama zomangira chipatala cha khansa, akuluakulu ena a boma adaona ngati n'kutaya chuma, pakuti m'maganizo mwawo wodwala khansa anali munthu wongodikira tsiku. Mayiwa adatembenukira kwa amayi anzawo, ndipo mu 1949 bungwe lija lidatsegula thumba lotolera ndalama. Mu 1952 nduna yaikulu ya India, Jawaharlal Nehru, idaika mwala wa maziko ku Adyar, ndipo pa 18 Juni 1954 chipatala cha Cancer Institute chidatsegulidwa m'kanyumba kakang'ono ka mabedi 12. Apo n'kuti Mayi Reddy ali ndi zaka 67. Mmodzi mwa madotolo ake anali mwana wawo, Dr. S. Krishnamurthi, amene adakaphunzira za khansa ku America ndi ku England. Mu 1955 padafika dotolo wina wachitsikana, Dr. V. Shanta, amene adasiya mwayi wa ntchito ya boma nasamukira m'kachipinda ka pa chipatalapo, ndipo adakhala pomwepo mpaka imfa yake mu 2021. Pasanathe zaka zitatu chitsegulire, chipatalacho chidalandira makina a cobalt owotchera zotupa za khansa, amodzi mwa oyambirira ku Asia konse. Chidakula kufika mabedi mazana angapo, ndipo lamulo la mwini wake lakuti wosauka asabwezedwe pa chipata chifukwa chosowa ndalama lidasungidwa.

Boma la India lidawapatsa mendulo ya ulemu ya Padma Bhushan mu 1956. Adamwalira ku Madras pa 22 Julayi 1968, kutatsala masiku 8 kuti akwanitse zaka 82. Chaka chotsatira chigawocho chidasintha dzina kukhala Tamil Nadu, ndipo boma lake pambuyo pake lidatcha dzina lawo thandizo la ndalama limene limaperekedwa kwa amayi osauka oyembekezera. Mu 2019 boma lomwelo lidalamula kuti tsiku lawo lobadwa, 30 Julayi, lizikumbukiridwa chaka ndi chaka m'zipatala zake zonse.